Rauta Yatsopano Yafika, Imelo Yakana Kutseguka: Kabuku Kothandiza Mabanja a ku Mburuma

Kabukuka ndi ka ndani?

Masiku ano makomo angapo a m'dera la Mfumu Yaikulu Mburuma, ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa msewu wa D145 wochokera pa mlatho wa Luangwa kukafika ku boma, ali ndi kabokosi kogawa intaneti m'nyumba. Ena ali ndi rauta yolowetsamo SIM ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ena ali ndi kakang'ono koyenda nako m'thumba kotchedwa MiFi, ndipo malo ena antchito amagwiritsa ntchito Starlink, yomwe inayamba kupezeka mu Zambia m'chaka cha 2023. Dandaulo lomwe limabwera kawirikawiri rauta ikangolumikizidwa ndi ili: WhatsApp ikuyenda, Facebook ikutseguka, koma imelo yakana.

Kwa mphunzitsi, namwino, mlembi wa kopaletivi kapena mwana amene akudikira yankho la ku koleji, imelo ikatsekeka ndiye kuti ntchito yaima. Kabukuka kakuthandizani kupeza pomwe pavuta, inuyo muli pakhomo panu, musanawononge ndalama ya basi kupita ku boma kapena ku Lusaka. Zitsanzo zambiri ndi za Gmail chifukwa pafupifupi aliyense amene ali ndi foni ya Android amakhala ndi akaunti ya Google, koma njira zake zimagwiranso pa Yahoo ndi Outlook. Mawu olembedwa m'Chingerezi tawasiya momwe amaonekera pa foni kuti muwazindikire msanga.

1. Imelo yanu simakhala mu rauta

Mfundo iyi ndiyo phata la kabuku konse. Makalata anu amasungidwa pa makompyuta aakulu a kampani ya imelo, kutali ndi kuno. Rauta ndi njira chabe yofikira kumeneko. Kusintha rauta sikufufuta kalata ngakhale imodzi, ndiponso sikusintha pasiwedi ya imelo yanu.

Taganizani za munthu amene amawoloka kupita ku Zumbo wa ku Mozambique pa bwato limodzimodzi nthawi zonse. Tsiku limene wabwera pa bwato lachilendo, alonda a pa doko amamuyang'anitsitsa ndi kumufunsanso zitupa, ngakhale munthuyo ndi yemwe uja. Kampani ya imelo imachita chimodzimodzi. Rauta yatsopano imakupatsani adiresi ina ya pa intaneti, ndiye kampaniyo imafuna kutsimikiza kuti wolowayo ndinu, osati wakuba.

Choncho vuto limakhala pa amodzi mwa malo atatu: pa njira, kutanthauza rauta, SIM ndi bandulo, pa chipangizo chanu, foni kapena kompyuta, kapena pa chitseko cha akaunti, pamene pali pasiwedi ndi nambala yotsimikizira.

2. Pasiwedi zitatu zosiyana

Anthu ambiri amasokonezeka pano. Rauta ikafika pakhomo, mumakhala ndi mawu achinsinsi amitundu itatu.

Yoyamba ndi pasiwedi ya Wi-Fi. Imalumikiza foni ndi rauta, ndipo imalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa rauta kapena mkati mwa chivundikiro cha batire la MiFi.

Yachiwiri ndi pasiwedi yolowera mkati mwa rauta kukasintha zinthu. Pa marauta ambiri atsopano imakhala mawu oti admin mpaka mwini wake ataisintha.

Yachitatu ndi pasiwedi ya imelo, imene munaipanga tsiku lotsegula akaunti, mwina zaka zingapo zapitazo, mwinanso anakupangirani ndi wogulitsa foni kapena mwana wanu.

Gmail ikafunsa pasiwedi imafuna yachitatuyi basi. Mukalembapo ya Wi-Fi imakana, ndipo mukapitiriza kulakwitsa kambirimbiri, imakuimitsani kwa kanthawi.

3. Mayeso awiri oyambira

Musanagwire china chilichonse, chitani izi.

Mayeso oyamba: foni ili pa Wi-Fi ya rauta, tsegulani Chrome ndi kusaka mawu alionse amene simunawasakepo. Zotsatira zikabwera, intaneti ikuyenda. WhatsApp yokha si umboni wokwanira, chifukwa pali mabandulo ena otsegula WhatsApp ndi Facebook zokha.

Mayeso achiwiri: zimitsani Wi-Fi, yatsani data ya mu foni, kenako yesani imelo. Ikatseguka, akaunti yanu ili bwino ndipo vuto lili ku rauta. Pitani ku gawo 4. Ikakana paliponse, pa Wi-Fi ndi pa data pomwe, rauta ilibe mlandu. Pitani ku gawo 5.

4. Vuto likakhala ku rauta

*Bandulo.* SIM ya mu rauta ili ndi akaunti yakeyake. Bandulo imene munagula pa nambala ya foni yanu sigwira mu rauta. Onetsetsani kuti munagulira nambala ya SIM ya mu rautayo, kuti bandulo ndi ya intaneti yonse, osati ya Facebook ndi WhatsApp zokha kapena ya usiku wokha, ndiponso kuti sinathe. Pakhomo pakakhala mafoni anayi kapena asanu, bandulo imatha mofulumira kuposa momwe munazolowera, makamaka ana akamaonera mavidiyo, kapena laputopu ikayamba kudzikonza yokha itangoona Wi-Fi.

*Netiweki.* Chizindikiro cha Wi-Fi chodzaza pa foni chimangosonyeza kuti foni ikumvana bwino ndi rauta. Sichikunena kuti rauta ikumvana ndi nsanja ya netiweki. Yang'anani magetsi a pa rautayo: pa mitundu yambiri, kuwala kofiira kumatanthauza kuti palibe netiweki kapena SIM sinakhale bwino. Dera lathu lili m'chigwa, pakati pa mapiri, motero kusuntha rauta pang'ono kumasintha zinthu. Ikani pamwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana kumene kuli nsanja, kutali ndi malata a denga. Musaiike padzuwa, kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumachititsa kuti rauta izime yokha kapena iziyenda pang'onopang'ono.

*Magetsi.* Ngati mukugwiritsa ntchito sola, batire likafooka madzulo rauta imatha kumazima ndi kuyaka mobwereza. Nthawi iliyonse ikayaka ingathe kulandira adiresi ina, ndipo mukakhala pakati polowa mu imelo, zimadukira panjira. Kumbukiraninso kuti magetsi a ZESCO akazima nthawi yaitali, monga zinkachitikira m'chaka cha chilala cha 2024, nsanja zina za netiweki zimafookanso. Pamenepo palibe chokonza pakhomo, ndi kudikira basi.

*Kuzimitsa ndi kuyatsa.* Zulani rauta ku magetsi, dikirani mphindi imodzi, yatsaninso ndi kuipatsa mphindi ziwiri kapena zitatu. Pa foni pitani pa dzina la Wi-Fi, sankhani Forget, kenako lumikizaninso.

*Kulowa mkati mwa rauta.* Pa kapepala ka pansi paja palinso manambala onga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Alembeni mu Chrome pamalo olemba adiresi, foni ili pa Wi-Fi. Tsamba la rauta likatseguka, onani ngati palembedwa Connected. Ngati SIM ikufuna PIN, ilembeni. Ngati rauta munagula kwa munthu wina kapena inachokera kunja, mwina inatsekeredwa ku kampani ina, kapena gawo lotchedwa APN silinadzazidwe. Wothandizira makasitomala wa kampani ya SIM yanu ndi amene angakuuzeni mawu oyenera kulembamo.

*DNS.* Ili ndi gawo limene limasandutsa dzina ngati gmail.com kukhala manambala amene makompyuta amamva. Masamba ena akamatseguka ena n'kumakana, wodziwa pang'ono angathe kulemba 8.8.8.8 ndi 8.8.4.4, omwe ndi a Google, kapena 1.1.1.1 wa Cloudflare, pamalo a DNS mu rauta. Pa foni ya Android onaninso Private DNS mu Settings, ndipo ikhale pa Automatic.

5. Intaneti ikuyenda koma akaunti ikukana

*Pasiwedi yolakwika.* Foni yanu yakhala ikukumbukira yokha pasiwedi, ndiye mwina papita zaka musanailembe ndi dzanja. Dinani kachizindikiro koonetsa zimene mukulemba kuti muone zilembo. Chilembo chachikulu ndi chaching'ono n'zosiyana, ndipo ziro amafanana ndi O. Onaninso adiresi yeniyeniyo: nambala imodzi ikasowa, ndiye kuti mukugogoda pakhomo la munthu wina. Ngati pali foni kapena kompyuta imene munalowerapo kale, pasiwedi ingathe kupezeka mu Chrome, pa Settings, pa gawo la Password Manager.

*Google ikufunsa ngati ndinudi.* Mukaona mawu oti Verify it's you, musachite mantha. Yang'anani foni imene muli kale akaunti yanu. Pabwera uthenga wofunsa ngati ndinu amene mukulowa. Dinani Yes, ndipo ngati pa kompyuta paoneka nambala, sankhani yomweyo pa foni. Uthengawo ungathe kunena kuti wolowayo ali ku Lusaka kapena mzinda wina, inu muli ku Mburuma. Zimenezi zimachitika chifukwa intaneti ya makampani a mafoni imatulukira ku malikulu awo. Chofunika kuona ndi nthawi ndi mtundu wa chipangizo. Zikagwirizana ndi zanu, vomerani. Uthenga ukabwera inu musakulowa, dinani No ndipo sinthani pasiwedi tsiku lomwelo.

*Nambala yotsimikizira sikufika.* Google imatumiza SMS yoyamba ndi G- yotsatiridwa ndi manambala 6. Ikapanda kufika, kuno kwathu zifukwa zake zimakhala zitatu.

Choyamba, ndipo ndi chimene chimasowetsa anthu mtendere kwambiri: munachotsa SIM mu foni n'kuilowetsa mu rauta. Ngati nambala imeneyo ndi yomwe munalembetsa pa imelo, uthenga ukufika ndithu, koma ukugwera mkati mwa rauta. Lowani pa tsamba la rauta monga tafotokozera mu gawo 4, pezani polembedwa SMS, ndipo muupeza pamenepo. Njira ina ndi kuzimitsa rauta, kubwezera SIM mu foni ndi kulowa mu imelo pa data. Chabwino koposa n'kugulira rauta SIM yakeyake.

Chachiwiri, tili m'malire. Kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa ndi Mozambique, ndipo ku boma, kutsidya kwa Zambezi, kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha, nthawi zina imakoka netiweki yakunja monga Movitel, Vodacom kapena Econet, ndipo SMS imachedwa kapena osafika. Yang'anani dzina la netiweki pamwamba pa foni. Chilembo R chimasonyeza kuti mwakoka yakunja. Pitani mu Settings, pa Mobile network, zimitsani kusankha kwa Automatic, ndipo sankhani nokha kampani yanu ya mu Zambia. Rauta nayonso ili ndi gawo lomwelo, ndipo ndi bwino kuzimitsa Roaming m'menemo.

Chachitatu, nambala imene munalembetsa inatayika kalekale. Google imaonetsa manambala awiri omalizira, aoneni bwino. Ngati ndi SIM yotayika imene inalembetsedwa m'dzina lanu, tengani NRC yanu kupita ku ofesi kapena kwa wothandizira wa kampaniyo kuti akupatseni ina ya nambala yomweyo. Musachedwe, chifukwa nambala ikakhala miyezi yambiri osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa munthu wina.

Musamangodina Resend mobwereza. Dikirani mphindi zingapo, kapena sankhani Try another way kuti akuimbireni foni kapena atumize nambala ku imelo ina.

*VPN.* Achinyamata ambiri amaika mapulogalamu a VPN m'mafoni. Pulogalamu yotere imachititsa kuti muzioneka ngati muli ku Germany kapena ku America. Kampani ya imelo ikaona rauta yachilendo ndi dziko lachilendo nthawi imodzi, imakhwimitsa chitseko. Zimitsani VPN musanalowe.

*Tsiku ndi nthawi.* Laputopu yakale imene kabatire kake kamkati kanatha imabwerera ku chaka chakale ikakhala yozima nthawi yaitali. Masamba otetezedwa, kuphatikizapo a imelo, amakana kutseguka tsiku likalakwika, ndipo pamabwera mawu oti Your connection is not private. Konzani tsiku ndi ola, ndipo pa chigawo cha nthawi sankhani UTC+02:00; pa Windows palembedwa Harare, Pretoria, yomwe ndi nthawi yathu yomwe.

6. Kwa ogwiritsa ntchito Outlook, Thunderbird ndi mapulogalamu akale

Nthawi zina imelo imatseguka bwino mu Chrome koma pulogalamu ya pa kompyuta imangofunsa pasiwedi osaleka. Kawirikawiri rauta yangoonetsa vuto lomwe linalipo kale. Kuyambira pa 30 Meyi 2022, Google inaleka kulola mapulogalamu akale kulowa mu Gmail ndi pasiwedi yokha. Microsoft inachitanso chimodzimodzi pa maakaunti a Outlook.com ndi Hotmail pa 16 Seputembala 2024, ndipo pulogalamu ya Mail ya mu Windows inasiya kuthandizidwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Kompyuta imene inakhala nthawi yaitali yopanda intaneti imadzakumana ndi zosinthazi tsiku limene rauta yafika.

Njira yapafupi ndi kuchotsa akaunti mu pulogalamuyo ndi kuiikanso, n'kulola kuti tsamba la Google kapena Microsoft litseguke lokha kuti mulowerepo. Chenjezo: ngati akaunti inaikidwa mwa njira ya POP, makalata akale angakhale ali pa kompyuta yokhayo, ndiye asungeni kaye musanachotse. Ngati pulogalamu ndi yakale kwambiri, Gmail imalola kupanga App password ya zilembo 16, koma muyenera kuyamba mwayatsa 2-Step Verification.

Manambala oyenera ndi awa. Gmail: kulandira imap.gmail.com, Port 993, kutumiza smtp.gmail.com, Port 465 kapena 587. Yahoo: imap.mail.yahoo.com, Port 993; smtp.mail.yahoo.com, Port 465. Outlook.com: outlook.office365.com, Port 993, smtp-mail.outlook.com, Port 587. Ngati makalata akufika koma anu sakutuluka, onani ngati pa kutumiza palembedwa Port 25. Makampani ambiri a intaneti amatseka khomo limeneli pofuna kuletsa makalata achinyengo, choncho lembanipo 587.

Akaunti ya Google yaulere ili ndi malo okwana 15 GB, ogawana pakati pa makalata, zithunzi ndi mafailo. Wi-Fi ikabwera pakhomo, foni ingayambe kutumiza zithunzi ndi mavidiyo onse kumeneko, malo n'kudzaza. Zikatero mumalowa bwinobwino koma makalata atsopano safika. Fufutani mavidiyo osafunika mu Google Photos ndi mu Drive.

Imelo yakuntchito, monga ya boma kapena ya bungwe, ili ndi malamulo akeake. Pasiwedi yake amakonza ndi a za makompyuta a kuntchito kwanuko, osati Google kapena wogulitsa rauta.

7. Mukaiwaliratu pasiwedi

Pitani pa g.co/recover ngati ndi Gmail. Mwayi umakula mukagwiritsa ntchito foni imene mumalowerapo masiku onse, pa data ya SIM yomwe mumagwiritsa ntchito kale, osati pa rauta yatsopano. Akakufunsani pasiwedi yomaliza imene mukukumbukira, lembani ngakhale yakale. Yankhani mafunso onse mmene mungathere. Akanena kuti mudikire maola kapena masiku, dikirani; kuyambiranso kambirimbiri sikufulumizitsa kanthu. Kubwezeretsa akaunti n'kwaulere, ndipo palibe munthu wa pa msika amene ali ndi njira yachidule yolowera ku Google.

8. Zosayenera kuchita

Musabaye kabowo ka Reset kumbuyo kwa rauta chifukwa cha imelo. Kumafufuta dzina la Wi-Fi, pasiwedi yake ndi zonse zimene anakukonzerani, koma imelo imakhalabe momwe inalili.

Musafufute zonse za mu foni ndi Factory reset. Foni ya Android ikafufutidwa ingathe kudzafunsa pasiwedi ya akaunti ya Google yomwe ija, ndiye mungataye imelo ndi foni yomwe.

Musatuluke mu akaunti pa foni imene ikadali yotsegula. Foni imeneyo ndiyo mboni yanu yaikulu.

Musathamangire kutsegula akaunti yatsopano. Manambala a anzanu, zosungidwa za WhatsApp ndi makalata a ZRA, NAPSA kapena koleji zili mu yakale ija.

Musauze munthu aliyense nambala yotsimikizira. Akuba amaimba foni n'kunena kuti ndi a kampani ya netiweki kapena a Google, ndipo amadziwa kulankhula mwaulemu. Kampani yeniyeni sipempha nambala imeneyi pa foni. Musadinenso ulalo wobwera pa SMS kapena WhatsApp wonena kuti imelo yanu itsekedwa lero. Nambala zachinyengo zikanenedwe ku kampani yanu ya foni, ku ZICTA kapena ku polisi.

9. Imelo ikatseguka, tsekani mipata

Tsiku lomwelo lowani pa myaccount.google.com, pa gawo la Security, ndi kuchita zinthu izi. Lembani nambala ya foni imene muli nayo m'manja, yoyamba ndi +260, osati ya mu rauta. Onjezani imelo ina ya munthu wodalirika wa m'banja. Ngati munayatsa 2-Step Verification, tengani Backup codes: ndi manambala 10, iliyonse ya madijiti 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi. Amathandiza kwambiri kuno kumene SMS imatha kuchedwa. Alembeni m'kabuku ndi kuwasunga pamodzi ndi NRC ndi makadi a kuchipatala, mu pulasitiki, kuopa chiswe ndi mvula.

Sinthani pasiwedi ya admin ya rauta, ndipo ya Wi-Fi isakhale yofanana ndi ya imelo, chifukwa ya Wi-Fi mumapatsa alendo ndi oyandikana nawo. Makolo amene akaunti anawatsegulira ndi ana awo a ku tauni afunse pasiwedi ndi kuilemba. Akaunti imene simuigwiritsa ntchito kawirikawiri muziitsegula apo ndi apo, popeza Google inalengeza mu 2023 kuti ingathe kufufuta akaunti yokhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito.

10. Nthawi yopita kukafuna thandizo

Pitani kwa wothandizira wa kampani ya SIM ngati rauta ikuonetsabe kuwala kofiira ngakhale mwaisuntha, ngati ikukana SIM, kapena ngati mukufuna kubwezeretsa nambala yotayika. Pitani kwa wodziwa makompyuta ngati vuto lili pa Outlook kapena pa tsiku la laputopu lomwe likubwerera m'mbuyo nthawi zonse.

Nyamulani rauta ndi chingwe chake cha magetsi, bokosi lake ndi lisiti, NRC, foni imene muli akaunti, ndi chithunzi cha uthenga umene ukuoneka pa sikirini. Muuzeni zotsatira za mayeso awiri a mu gawo 3, chifukwa zimamuchepetsera ntchito. Pasiwedi lembani nokha, iye akuyang'ana kumbali. Ngati mwalowera pa kompyuta ya pa shopu kapena ya kusukulu, dinani Sign out musanachoke, ndipo mukafika kunyumba sinthani pasiwedi ngati wina anaiona.